ZA NATI YOKANA KUMASUKA

Abale athu amene mugwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi, nkhani yathu ya lero iri ya kanthu kakang'ono, kamene munthu angathe kukabisa m'cikhato cace, koma kakhoza kuimitsa pampu yocotsa madzi m'mgodi, kapena kugoneka pulao pansi pa mtengo masiku atatu pamene mvula yoyamba yagwa kale ndipo anzathu alikulima. Kanthuko ndiko nati imene yagwidwa ndi dzimbiri pa bauti yace, nikana kutembenuka. Tidziwa bwino cimene munthu acita poyamba. Atenga sipanala iri yonse imene iri pafupi, nakoka ndi mphamvu zace zonse. Ikakana abvekapo paipi, napondapo ndi phazi. Ndipo potsiriza apeza kuti ngondya za nati zatha, kapena bauti yaduka, kapena khungu la zala zace latsala pa citsulo. Ife tinena kuti mphamvu ziri ndi malo ace pa nchito iyi, koma malowo sali poyamba iai. Zipangizo zomasulira ziripo zambiri, ndipo luso la mmisiri liri pa kudziwa cimene ciyamba ndi cimene citsiriza.

Tiyambe ndi mdani mwini wace. Dzimbiri si dothi locokera kunja, monga ena aganiza. Ndi citsulo comweco cimene casandulika pokomana ndi madzi ndi mpweya. Ndipo citsulo cikasanduka dzimbiri citupa, nicifuna malo oposa kawiri malo amene cinali nao kale. Tsono pakati pa mazinga a nati ndi mazinga a bauti pali mpata waung'ono ndithu, wosalowa ngakhale nsonga ya singano. Dzimbiri likabadwira m'menemo lisowa kopita, nilidzaza mpatawo ndi kupanikiza mbali zonse ziwiri, monga ucita muzu wa kacere umene walowa m'mng'alu wa thanthwe. Koma liri nako kufoka kwace. Liri louma ndi losweka msanga ngati phale, silipirira kugogoda, silipirira moto, ndipo limwa mafuta. Zipangizo zonse zimene tidzachula pano zigwira pa kufoka kumeneku.

Inu a kumigodi mukomana nalo koposa ena cifukwa ca madzi a pansi. M'migodi ya golidi ya ku Witwatersrand, ndi m'migodi yambiri ya malasha, muli mwala wonyezimira dzina lace pyrite, umene ukaonekera ku mpweya ndi madzi ubala asidi; madzi otere adya bauti m'miyezi yowerengeka. Kumapulazi mdani ndiye fetereza, ndowe ndi mkodzo wa ng'ombe, ndi cizolowezi cosiya pulao pa udzu kucokera mwezi wa January kufikira mvula yina.

MUSANAGWIRE SIPANALA

Funso loyamba siliri la cipangizo. Liri lakuti, kodi nati imeneyi yagwira ciani? Ngati iri pa paipi ya mpweya wopanikizika kapena ya madzi a pampu, tsekani ndi kuturutsa mphamvu yonse ya m'kati musanaikhudze. Ngati iri pa makina a magetsi, azimitsidwe ndi kukhomedwa loko, kuti wina asawayatse inu muli m'kati. Ngati yagwira sipuling'i, kapena cinthu colemera cimene cingagwe, ciyambe cacirikizidwa ndi mitengo yolimba, osati jeke yokha. Ndipo pa mawilo akuru a malole ndi a makina a kumigodi, amene mkombero wace uli wa zidutswa ziwiri kapena zitatu, mpweya wa m'thayala uyambe waturuka wonse. Pakuti mkombero wotere ukakhala wong'aluka ugwiridwa ndi manati okhawo, ndipo mukawamasula uphulika ndi mphamvu yakupha munthu pomwepo.

Mukatero tsukani. Burashi ya waya ndiyo cipangizo coyamba, ndipo ambiri aipeputsa cifukwa iri ya mtengo wocepa. Palani mazinga onse amene aturukira kunja kwa nati kufikira citsulo cioneke, cifukwa natiyo iyenera kudutsa pomwepo poturuka. Popala mudzaonanso ngati pali kapini kopingasa, kapena kacitsulo kopindidwa pa ngondya, kamene kanaikidwa dala kuletsa nati kuyenda. Amuna amphamvu atuluka thukuta ora lathunthu pa nati imene inalibe dzimbiri konse, koma kapini kobisika m'matope.

Yang'ananinso njira ya mazinga. Manati ambiri amasuka potembenuzira kumanzere, koma alipo ena a mazinga obwerera, amene amasuka potembenuzira kumanja. Ali yense wa njinga adziwa pedulo ya kumanzere. Malole ambiri, makamaka akale, ali ndi manati otere pa mawilo a kumanzere, ndipo kawiri kawiri pamutu pa bauti palembedwa L. Zolumikizira za gasi woyaka, monga acetylene, nazonso ziri zobwerera, ndipo cizindikiro cace ndi timizere todulidwa pa ngondya za nati. Munthu wosadziwa ici alimbitsa pamene aganiza kuti alikumasula.

SIPANALA YA MUYESO WACE

Pano tikhalitsapo pang'ono, cifukwa manati ambiri amene aonongeka saonongedwa ndi dzimbiri, koma ndi sipanala yosayenera.

Kale kale mmisiri ali yense anadula mazinga monga anafunira, ndipo nati ya fakitale yina sinalowe pa bauti ya fakitale yinzace. M'caka ca 1841 Joseph Whitworth wa ku Manchester anaika muyeso umodzi, umene unafalikira m'England ndi m'maiko onse kumene makina a Angerezi anafika, ndi kuno komwe. M'caka ca 1864 William Sellers wa ku Philadelphia anaika muyeso wina wa ku America. Mano a mazinga a Whitworth apendeka madigiri 55, a Sellers madigiri 60. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kusiyana kumeneku kunabvuta kwambiri, pakuti zida za maiko ogwirizana sizinalowane; cifukwa cace nkhondoyo itatha Britain, America ndi Canada anapangana muyeso umodzi wa mainchi. Pambuyo pace panadza muyeso wa mamilimita, umene uli pa makina ambiri a masiku ano.

Cimene mbiri iyi itanthauza kwa inu ndi cakuti pa pulazi limodzi mukhoza kupeza mitundu itatu ya manati. Injini yakale ya Lister yoyendetsa pampu kapena cigayo, ndi Land Rover ya zaka zoyamba zija za 1948, ziri ndi manati a Cingerezi. Makina ambiri a ku America ali ndi a mainchi. Galimoto ya ku Japan iri ndi a mamilimita. Ndipo nambala zolembedwa pa masipanala sizinena cinthu cimodzi. Pa sipanala ya mamilimita ndi ya ku America nambala inena kukula kwa pakamwa pa sipanala. Pa ya Whitworth inena kunenepa kwa bauti. Cotero sipanala ya ku America yolembedwa 1/2 iri ndi pakamwa pa mamilimita 12.7, koma ya Whitworth yolembedwa 1/2 pakamwa pace papitirira mamilimita 23.

Msampha weni weni uli pa miyeso yoyandikana. Sipanala ya 13 ilowa bwino pa nati ya theka la inchi, ndipo pa nati yofewa igwira nchito. Koma isiya mpata wocepa, ndipo pa nati ya dzimbiri mpata umenewo ndiwo uyamba kudya ngondya. Momwemonso bauti ya theka la inchi ya Whitworth iri ndi mazinga 12 pa inchi, ya ku America 13. Nati ya yina iyenda pa yinzace kawiri kapena katatu, nigwira. Munthu akaikakamiza, wapanga nati yokana kumasuka ndi manja ace, lisanafike dzimbiri.

Pa nati youma sankhani sipanala yozungulira nati yonse, ya ring'i kapena soketi, ndipo koposa zonse ya ngondya zisanu ndi imodzi, cifukwa igwira pa mbali zosalala za nati; ya mano 12 igwira pafupi ndi nsonga za ngondya, pamene pali pofoka. Sipanala yotsegula kukamwa igwira mbali ziwiri zokha, niyasama ikalemedwa. Dzimbiri likadya nati kunja kotero kuti yacepa, palani makoko ace ndi kukhomera soketi yocepako pang'ono ndi nyundo.

Shifiting'i, imene J. P. Johansson wa ku Sweden anaikonza m'caka ca 1892, iri yokondedwa cifukwa ilowa m'malo mwa masipanala khumi; koma ife tiiyesa mlendo wosayenera pa nati ya dzimbiri, pakuti cibwano cace cimodzi cigwedera. Ngati palibe yina, imangeni ndithu pa nati nthawi iri yonse musanakoke. Bobojani, dzina limene linacokera ku mau a Cibunu onena nyani, ndi sipanala ya mano imene Daniel Stillson wa ku America anailembetsa m'caka ca 1869. Inapangidwira mapaipi, ndipo iluma koposa pamene mukoka koposa. Pa nati ya ngondya zamoyo musaiyandikize. Pa nati imene yatha kale ngondya, ndipo mwatsimikiza kuitaya, iri bwenzi. Cimodzi modzi mbaniro yodzikhoma yokha, ya Vise-Grip, imene wosula zitsulo William Petersen anaipanga ku Nebraska m'caka ca 1924.

MAFUTA, NYUNDO NDI KUDIKIRA

Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafuta olowerera afuna nthawi, pakuti ayenda m'dzimbiri pang'ono pang'ono monga palafini akwera m'cingwe ca nyali. Oilo wa injini ali wolemera, ndipo aima pakhomo. Palafini ndi dizilo alowa bwino, ndipo akhala akumasula manati m'mapulazi zaka zambiri. M'masitolo muli a m'zitini zopopera, monga Q20 ndi WD-40. Womalizayu anapangidwa ku San Diego m'caka ca 1953, ndipo nchito yace yoyamba inali yocotsa cinyezi pa zitsulo kuti zisacite dzimbiri. Onsewa athandiza, koma palibe amene acita matsenga m'mphindi imodzi. Thirani madzulo, kulungani nati ndi nsanza yonyowa mafutawo, bwerani m'mawa. Mukadziwa kuti mawa mudzasintha khasu la pulao, thirani lero. Kapitao wanzeru sayesa munthu wotere waulesi.

Pakati pa kudikira gogodani. Gwirizani nyundo yaikuru kumbuyo kwa nati, ndi kumenya mbali yosalala ya kutsogolo ndi nyundo yaing'ono, kangapo pa mbali iri yonse imene mufikira. Nati ifinyika pang'ono kosaoneka ndi maso, dzimbiri la m'kati nilisweka, ndipo mafuta apeza njira. Musamenye pa nsonga ya bauti, cifukwa idzafutukuka ngati bowa, ndipo nati sidzaturukanso.

Tsopano ikani sipanala, ndipo poyamba yesani kulimbitsa pang'ono, ndi pamenepo kumasula. Nati ikangoyenda ngakhale pang'ono pokha, nkhondo yatha. Cotsala ndi kuleza mtima. Ibwezeni, thirani mafuta, iyendetseninso, kupita ndi kubwera, ulendo uli wonse kuonjezako pang'ono. Ambiri aduula bauti pomwepa, pamene nati yayamba kale kuyenda, cifukwa ca cimwemwe. Mukamva kuti yayamba kulimbanso, kapena yatentha, imani. Ndipo phunzirani kusiyanitsa m'dzanja mwanu: nati yomasuka ilira kuti kwee, kapena ithyoka kamodzi kuti tha, koma kukakhala kufewa kwa cete, konga kwa nsima, si nati imene irikuyenda, ndi bauti imene irikupotoka, ndipo yatsala pang'ono kuduka.

Kokerani sipanala kwa inu, musaikankhe. Ngati malo akukakamizani kukankha, kankhani ndi cikhato cotambasula, kuti ikaterereka zala zisakagunde citsulo.

Za paipi yobveka pa sipanala tinene zoona: icurukitsa mphamvu ndithu. Sipanala ya masentimita 25 ikatalikitsidwa kufika mita imodzi, mphamvu yanu pa nati ikhala kanai. Koma bauti sinakule kanai, ndi sipanala yomwe sinakule. Pa manati akuru a ngolo ndi a thirakitala, cogwirira cacitali copangidwira nchito imeneyo ciri bwino. Pa bauti yonenepa ngati cala cakaniso ndiko kuidula dala. Ndipo paipi isabvekedwe pa shifiting'i kapena pa cogwirira ca soketi ca mano olira cija, cifukwa zithyoka mwadzidzidzi munthu ali wotsamira.

Kumenya kupambana kukoka. Kumigodi mudziwa sipanala yaifupi yonenepa, ya mutu wa ngondya zinai kumapeto, yopangidwira kumenyedwa ndi nyundo yaikuru. Nzeru yomweyo iri m'mfuti yomasulira manati, ya mpweya kapena ya batire, imene m'kati mwace muli tinyundo tomenya kambiri mbiri pa mphindi imodzi. Kumenya kwa kufupi kufupi kuswa dzimbiri bauti isanapeze nthawi yopotoka. Mfuti imeneyi ifuna masoketi ace akuda a citsulo cosasweka. Onyezimira aja a pamanja akhoza kuphulika, tizidutswa nitilowa m'maso.

MOTO

Zonsezi zikalephera, moto ndiwo sing'anga wamkuru, ndiponso woopsa koposa onse. Citsulo cikatentha cikula. Nati ya bowo la mamilimita 25, ikatenthedwa madigiri 300, bowolo likula pafupi fupi ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ndipo tsitsi limodzilo likwanira kuswa dzimbiri ndi kupatsa mazinga mpata. Cinsinsi ciri pa kutentha nati yokha, msanga, bauti isanamve; mukacedwa ndi moto wofoka zonse ziwiri zikula pamodzi. Pukutani palafini poyamba. Lozetsani lawi pa mbali za nati, ndipo musapitirire kufiira kwa khala lozirala. Yesani sipanala ikali yotentha; ikakana ilekeni izizire, thirani mafuta, ndi kuyesanso, pakuti kukula ndi kubwerera komweko kugwedeza dzimbiri. Manati ena a makina atsopano amangidwa ndi mankhwala omata m'mazinga, ndipo awa amvera moto wocepa pamene akana sipanala iri yonse.

Koma tamverani. Pa 16 September 1986, pa mgodi wa golidi wa Kinross, m'dera limene lero ndi Mpumalanga, anthu analikukonza njanji pansi ndi zipangizo za gasi wa acetylene. Moto unagwira thobvu la pulasitiki limene linapakidwa m'makoma a njira, ndipo utsi wace wa ululu unayenda ndi mphepo ya mgodi, nupha anthu 177, ambiri a iwo ali kutali ndi lawi. M'migodi ya malasha muli coopsa cina, mpweya woyaka wa methane ndi pfumbi la malasha; pa 6 June 1972 zimenezi zinaphulika pa mgodi wa nambala 2 ku Wankie, kumene lero ndi Hwange, ndipo anafa anthu oposa 400, pakati pao a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Cifukwa cace pansi pa mgodi munthu sayatsa lawi, kapena kuturutsa mphaliwali za girainda, popanda cilolezo ca akuru a citetezo, mpweya utayesedwa ndi cozimira moto ciri pafupi. Lamulo limeneli lisakuonekereni ngati locedwetsa nchito.

Pamtunda pomwe moto usayandikire thanki ya petulo, mapaipi a mafuta, batire, kapena udzu wouma wa mwezi wa October. Usagwire nati ya wilo thayala likali pa mkombero, ngakhale mwaturutsa mpweya, pakuti mphira wotenthedwa aturutsa gasi m'kati, ndipo thayala likhoza kuphulika patapita nthawi, moto utazima kale. Manati otuwa opakidwa zinki aturutsa utsi woyera wodwalitsa ngati malungo. Atenthereni pabwalo, mphepo iri kumbuyo kwanu. Ndipo kumbukirani kuti moto uononga mabering'i, mphira wotsekera mafuta ndi masipuling'i amene ali pafupi. M'magaraja ena akuru muli tsopano cipangizo ca magetsi ca waya wopota, wobvekedwa pa nati, cimene ciitentha popanda lawi. Ciri cabwino, koma mtengo wace suli wa munthu wa pa tikiti.

KUTAYA NATI KUTI BAUTI IPULUMUKE

Ifika nthawi yowerengera. Nati igulidwa ndi ndalama zocepa pa sitolo iri yonse ya zitsulo. Koma bauti imene inamera m'thupi la injini, kapena mazinga a pa nsonga ya ekiselo ya ngolo, zikaonongeka ndi nchito ya masiku ndi ulendo wa kutauni. Mmisiri wabwino sacita manyazi kupha nati; ndipo ife tiganiza kuti ambiri acedwa kufika pa maganizo amenewa.

Cipangizo cace ceni ceni ndi coswera manati. Ciri ngati mphete yolimba yobvekedwa pa nati, ndipo m'mbali mwace muli mphero yakuthwa yokankhidwa ndi bauti. Muika mpheroyo pakati pa mbali yosalala, osati pa ngondya, ndi kumanga pang'ono pang'ono kufikira nati ilira niing'aluka. Kawiri kawiri mng'alu umodzi ukwanira kuti itembenuke. Ikakana, swani mbali yinayo, nigwa zidutswa ziwiri, mazinga a bauti ali amoyo. Kumigodi ziriko zazikuru zokankhidwa ndi mphamvu ya mafuta, za manati onga nkhonya. Ubwino wace ndi wakuti zigwira nchito popanda lawi. Ciri cipangizo cosachuka, ndipo tikhumba kuti pulazi liri lonse likhale naco.

Popanda ico, chizulo ndi nyundo zicita nchito yomweyo. Gwirizani citsulo colemera kumbuyo, ndi kudula mbali imodzi ya nati motsata utali wa bauti, kufikira itayasama. Mukayamba mwaboola timabowo tiwiri kapena titatu mondondozana pa mbaliyo, kudula kupepuka. Njira yina ndi kutema kamphako pafupi ndi ngondya, kupendeketsa chizulo, ndi kumenya molozetsa kumene nati imasukira. Sowo yodulira zitsulo ikhozanso kutsika m'mbali mwa nati, kufupi ndi mazinga koma osawakhudza, ndi kusiya kakhungu kopyapyala kamene chizulo amaliza. Girainda icita msanga koposa, ndipo idya msanganso cimene simunafune. Isagwire nchito yopanda cochinga cace.

Pa nchito zonsezi bvalani magalasi. Yang'ananinso mutu wa chizulo: ukafutukuka ndi kung'ambika m'mphepete cifukwa ca kumenyedwa zaka zambiri, uperedwe, pakuti tizidutswa tace tiuluka ngati cipolopolo. Diso limodzi la munthu wa ana asanu silingalinganizidwe ndi nati.

BAUTI IKADUKA

Idzaduka tsiku lina, ngakhale kwa wosamala. Ngati patsala citsa coturukira kunja, mwai ulipo: thirani mafuta, gogodani pamutu pace, cigwireni ndi mbaniro yodzikhoma, kapena palani mbali ziwiri ndi tupa kuti sipanala igwire. Pakakhala mazinga okwanira, mangani manati awiri molimbana, ndi kutembenuza ya pansi. Njira yopambana zonse, kumene kuli makina owocherera, ndi kuika nati yatsopano pa citsaco ndi kuiwocherera m'kati mwa bowo. Mupeza mutu watsopano, ndipo kutentha komweko kumasula dzimbiri.

Ikadukira m'kati, palani pamwamba pasalale, khomani kacizindikiro pakati peni peni ndi panchi, ndi kuboola ndi kaboolero kakang'ono poyamba, koongoka. Pano ndipo pagona nchito yonse. Bowo likapatuka, zonse zotsatira zipatuka. Ziripo zoboolera zobwerera kumanzere, zimene nthawi zina zituruka naco citsa pamene zirikuboola. Ziriponso zozulira za mazinga obwerera zokhomera m'bowomo, koma tikucenjezani nazo: citsulo cace ciri colimba ngati galasi, ndipo cikathyokera m'kati palibe coboolera wamba cimene cingacidye. Zithandiza pa bauti imene inaduka ndi kulemedwa, koma pa imene yamera ndi dzimbiri zinyenga. Mukaona cozulira cayamba kupotoka, cibwezeni. Kuli bwino kukuza bowo pang'ono pang'ono kufikira patsala kakhungu ka mazinga akale, kukatola ndi nsonga yakuthwa, ndi kupititsamo codulira mazinga ca muyeso wace. Ndipo amene sanacitepo afunse mnzace wodziwa. Safunsa anadya phula.

POBWEZERA

Nati imene yafiira pamoto, kapena yalumidwa ndi bobojani, isabwerere pa malo olemera. Moto ufewetsa citsulo cokhwimitsidwa. Pogula bauti yatsopano yang'anani nambala ya pamutu, monga 8.8 kapena 10.9, imene inena kulimba kwace, ndipo musaike yocepa pamene panali yaikuru. Tsukani mazinga, pakani girizi pang'ono, kapena mafuta a mkuwa opangidwira malo otentha monga paipi ya utsi. Koma pa manati a mawilo ndi a mutu wa injini tsatani buku la makinawo, cifukwa mazinga opakidwa mafuta amangika kopitirira ndi kukoka komweko, ndipo bauti ikhoza kutamuka. Kumeneko kufunika sipanala yoyesa mphamvu. Manati osacita dzimbiri, oyera aja, ali ndi nthenda yao yao: akamangidwa ouma ndi mofulumira amatana okha ngati owocherera, ndipo palafini sathandiza. Apakeni musanamange, ndi kuwayendetsa ndi dzanja.

Ambiri a inu mulingalira za tsiku lobwerera kumudzi, ndi zimene mudzanyamula. Kwathu kuli njinga, ngolo, zigayo ndi mijigo, ndipo zonsezi ziri ndi manati amene sanaone mafuta cimangire. Masipanala a ring'i a 10, 13, 17, 19 ndi 24 afikira manati ambiri a mamilimita. Pamodzi ndi burashi ya waya, nyundo ziwiri, chizulo, sowo ndi coswera manati caching'ono, zonse zilowa m'thumba limodzi. Gulani a citsulo cabwino mmodzi mmodzi pa malipiro ali onse, koposa bokosi lathunthu la ofewa, amene ayasama pa nati yoyamba. Ndipo nyengo yolima ikatha, pulao isanapite kukagona, masulani nati iri yonse kamodzi, ipakeni girizi, imangeninso, ndi kuimika pulaoyo pa miyala pansi pa denga.